Zala Zingati, Mfundo?

"Cheuka! Ndati cheuka mpira usanafike!"

Yoramu adaliza wenzulo, anyamata onse n'kuima. Fumbi lidatsika pang'onopang'ono pabwalo la sukulu ya pulayimale, kuseri kwa msika wa Manjawira. Udali mwezi wa Okutobala, ndipo nthaka inkawotcha mapazi a ana amene adalibe nsapato.

Zimene ankaphunzitsa tsiku limenelo zidali zosavuta. Mnyamata ankaima pakati pa mabotolo anayi odzaza mchenga. Mnzake ankamukankhira mpira kuchokera kutsogolo. Yoramu ankaima chapatali kumbuyo kwake, atakweza dzanja. Mpira uli m'njira, wolandirayo ankayenera kucheuka, kufuula kuchuluka kwa zala zimene kochi waimika, kenaka n'kuuimitsa ndi mkati mwa phazi osagwetsa botolo. Chimango adakhoza. Lucky adakhozanso, ngakhale mpira udamuthawa pang'ono. Itafika nthawi ya Mfundo, zidali zomwe zija za masiku onse.

"Zitatu!"

"Zinali ziwiri. Bwereza."

"Zisanu!"

"Chinali chimodzi! Ukungolota basi, sukuyang'ana!"

Anzake adaseka. Mfundo naye adaseka, nanyamula mpira ndi nsonga ya phazi, nauyendetsa pabondo, paphewa, mpaka kuugoneka pankhongo. Pa timu yonse ya ana osapitirira zaka khumi ndi zinayi, padalibe wina amene mpira unkamumvera chotero. Ukakhala paphazi pake unkachita ngati waumangirira ndi luzi.

"Zimenezo ukachitire kumsika, amayi azitumbuwa akuombere m'manja," adatero Yoramu. "Pano ndikufuna wosewera wa maso, wodziwa kumene kuli mnzake ndi kumene kuli mdani. Sindikufuna nkhumba yofukula mbatata mutu uli pansi."

Kuseka kudatha pankhope ya Mfundo. Adatsitsa mpira pansi.

Mfundo adali mwana wa Zelesi, mlongo wake wa Yoramu. Bambo ake, Goliati, adakhala ku Joni zaka zisanu ndi ziwiri, kutsatira njira ya kumigodi imene agogo a Mfundo adapondapo m'masiku a Theba. Zaka zonsezo mwanayo adakulira pakhonde pa malume ake, pakati pa matayala ndi masipoko, poti Yoramu ankakonza njinga. Mpira woyamba wachikopa adamupatsa ndi Yoramu. Goliati adabwerako chaka chathachi ndi njinga yamoto ndi jekete lachikopa, n'kupeza mwana akuthamangira malume akaitanidwa, koma akuzengereza akaitana bambo. Kuyambira pamenepo moni wa amuna awiriwa udali wa pamphuno.

Kulira kwa njinga yamoto kudamveka kumapeto kwa bwalo. Goliati adailowetsa mpaka pakati, nagwetsa mabotolo awiri, nazimitsa injini.

"Alamu, kodi pano mwatsegula sukulu ya mkaka? Ana akuwerenga zala?"

"Tikuphunzira mpira, alamu. Ngati mukufuna okwera, ali kusiteji."

"Mpira ndi zigoli. Ine ndagoletsa pabwalo lomwe lino inu mukungozungulira pakati ngati mbuzi yapachingwe." Goliati adavula chipewa chake cholimba cha panjinga. "Ndamva kuti Loweruka, pamasewera athu ndi a ku Kasinje, kukubwera munthu wa kuakademi ya ku Blantyre kudzasankha ana. Ndikufuna kuona nambala naini pamsana pa mwana wanga."

"Loweruka Mfundo ayambira panja."

Mfundo adayang'ana malume ake, kukamwa kuli yasa.

"Mwati chiyani?" adafunsa Goliati.

"Mwandimva. Miyezi isanu ndakhala ndikumuuza kuti azidzutsa mutu. Safuna. Akatenga mpira anzake asanduka mitengo. Chala chimodzi sichiswa nsabwe. Koma sindikudabwa, mphonda sibala maungu."

Goliati adatsika panjinga. Adali wamtali, ndipo ataima pafupi, Yoramu adachita kukweza chibwano kuti amuyang'ane.

"Nsanje idzakuphani, alamu. Mudalephera kufika patali, ndiye mukufuna kutsekera mwana wanga njira."

"Mwana wanuyo ndamulera ndine, inu mukudya nyama ku Joni. Ndipo muzikumbukira kuti nyumba mukugonamoyo ili pamalo a kwathu."

"Malo ndi anu, magazi ndi anga. Mfundo, kwera!"

Mwanayo adakwera kumbuyo. Njinga idatembenuka, n'kuwasiyira fumbi.

Lachinayi m'mawa, Yoramu akumata chubu pashopu pake, adafika a Maliro, wapampando wa komiti ya makolo. Adakana mpando. Adaima chapatali, akusisita chipewa m'manja.

"Makolo takumana dzulo," adatero. "Ana akudandaula kuti mpira sakusewera, akungocheuka ngati akuba nkhuku. Ndiye a Goliati abweretsa majezi atsopano, ndipo adzipereka kuti athandize. Tagwirizana kuti inu muyambe mwapuma."

"Ndipume? Timuyi ndidaiyamba ndine ndi mpira wamapepala!"

"Sitikukana. Koma mawu anunso amaluma, a kochi. Mwana wanga Lucky amabwera kunyumba akunjenjemera."

Yoramu adalowa m'shopu, natulutsa thumba la mipira, naliponya pamapazi pa a Maliro. Wenzulo adachita kudula chingwe pochotsa m'khosi.

"Tengani. Mwagulitsa ana ndi nsalu ya kaunjika."

Masana adawoloka msewu kupita pamene Zelesi ankagulitsa tomato ndi kachewere. Mlongo wakeyo sadadzutse nkhope. Ankangounjika mbatata m'ndowa.

"Achemwali, mwamva zimene wachita mwamuna wanu?"

"Ndamva za onse awiri. Achimwene, mwana sakudya. Dzulo wangotsina kawiri n'kukagona. Atambala awiri mukulira m'khola limodzi, koma amene akupondedwa ndi mwanapiye."

"Ndimamufunira zabwino. Luso ali nalo, koma ndi wamakani ngati bambo ake."

"Ndiye mukatukwana mwana mumakhala mukutukwana yani? Pitani, mukundithawitsira makasitomala."

Loweruka Yoramu adalumbira kuti saponda kubwalo. Adakhala pashopu akuwongola gudumu limene lidali lowongoka kale. Koma ng'oma zitayamba kulira, miyendo idamunyamula yokha. Adazungulira kuseri kwa makalasi, nakakwera pachulu chimene chidali kumbuyo kwa golo.

Anthu adadzaza mbali zonse. Ana a Manjawira adavala majezi atsopano abuluu, a ku Kasinje adavala agirini oderako. Munthu wa ku Blantyre adakhala pampando pansi pa mtengo wa mango, kabuku kali pabondo. Goliati ankayendayenda m'mbali mwa bwalo atavala jekete lake ngakhale kunkatentha, akukuwa lamulo limodzi lokha: "Menyani kutsogolo! Mpatseni Mfundo!"

Pasanapite nthawi Mfundo adatola mpira pakati. Adadyetsa njomba woyamba, wachiwiri adakhala pansi ndi matako, wachitatu adaupenya ukudutsa pakati pa miyendo yake. Goloboyi atatuluka, Mfundo adangoukankha pambali. Chigoli! Anthu adathamangira m'bwalo. Goliati adalozera kuchulu, nafuula ndi mawu onse:

"Alamu! Zala zingati zimenezo?"

Gulu lidaphulika ndi kuseka. "Kochi wa zala! Kochi wa zala!" anyamata a kabaza adayambitsa nyimbo pomwepo. Yoramu adafuna kutsika n'kumapita, koma kutsika pamaso pa anthu onsewo kukadakhala kuvomera kugonja. Adakhala.

Aka kadali koyamba kuonera ana akewo iye ali wopanda wenzulo. Adalibe ana khumi ndi mmodzi oti awakalipire, choncho maso ake adakhazikika pa mmodzi yekha. Ankafuna kuwerenga zolakwa za Mfundo kuti adzazitchule bwino tsiku lina. Koma zimene adaona sizidali zimene ankayembekeza.

Mfundo ankacheuka. Ankacheuka kuposa mwana wina aliyense pabwalopo. Mpira usanafike ankadzutsa mutu, n'kusolola khosi, n'kufinya maso ngati munthu woyang'ana dzuwa. Akatero ankagwetsanso nkhope n'kuyamba kuthamanga yekha. Nthawi ina Chimango adaima pabwino, popanda womutchinga, akukupiza manja onse awiri. Mfundo adayang'ana komweko ndithu, koma sadapatsire. Patangopita kanthawi Chimango adakuwa kuti, "Mfundo, kuno!" ndipo mpira udafika paphazi pake nthawi yomweyo, woyezedwa bwino ngati wapasikelo.

Yoramu adaimirira pachulu paja.

M'chigawo chachiwiri goloboyi adamenya mpira wam'mwamba. Ana onse adasuntha kutsatira kumene unkagwera. Mfundo adangoima, nkhope ili kumwamba, akuufunafuna. Udamupeza pamphuno. Adagwa, nadzuka, napukuta magazi ndi jezi yatsopano ija.

"Wagona kodi?" adakuwa Goliati. "Dzuka, iwe!"

A Kasinje adabweza chigoli. Nthawi itatsala pang'ono kutha, Mfundo adalandira mpira chapakati, adani awiri atamupanikiza. Adadzutsa mutu, naona munthu ataima yekha kumanzere, namupatsira mpira wokongola kwambiri. Munthuyo adali wa jezi yagirini. Adathamanga nawo osatsekerezedwa, n'kugoletsa chachiwiri.

Pakamwa pomwe paja pankaimba nyimbo padayamba kutuluka zina. "Wagulitsa! Mwana wa Goliati wagulitsa!" Wina adaponya chitsononkho. Masewera atatha, Goliati adakumana ndi mwana wake pamzere, namuwomba khofi pankhongo anthu akuona, kenaka adathamangira kumtengo wa mango kukalankhula ndi mlendo uja.

Yoramu adampeza Mfundo pamjigo, kuseri kwa makalasi, akutsuka magazi. Adali yekha.

"Mfundo."

Mwanayo adatembenuka, nafinya maso. Adamuzindikira Yoramu atayandikira.

"Mwabwera kudzanditukwana nanunso?"

"Ayi. Tayang'ana khoma la ofesi ya ahedi lija. Undiwerengere zimene zalembedwa pamenepo."

Khomalo lidali pafupi, mtunda woti munthu n'kuponya mwala osachita khama. Dzina la sukulu lidalembedwa ndi penti yakuda, chilembo chilichonse kutalika ngati mkono. Mfundo adayang'ana nthawi yaitali.

"Ndikudziwa kuti pali dzina la sukulu."

"Sindikufunsa zimene ukudziwa. Ukuona chiyani?"

"Zakuda basi. Chimbuuzi."

Yoramu adagwira chitsulo cha mjigo.

"Zidayamba liti?"

"Ndili Sitandade faivi. M'kalasi ndimakopera m'kope la Chimango. Pabolodi sindiona."

"Nanga zala zija?"

"Ndimaona kuti mwaima. Dzanja sindiliona."

"Miyezi isanu yonseyi! Bwanji sunanene? Mbewa yamanyazi idafera kuuna, mwana iwe!"

Mfundo adamuyang'ana m'maso. Misozi inkasakanikirana ndi madzi a pamjigo, koma mawu ake adatuluka ouma.

"Ndikadanena kwa yani? Inu mumati ndine nkhumba. Ababa amati mwana wawo ndi mkango. Ndikanena, nonse mundichotsa. Wakhungu sasewera mpira."

Manyazi adamugwira Yoramu, ndipo monga mwa chizolowezi chake, manyaziwo adasanduka liwiro. Sadaime kuti aganize. Adathamanga kupita kumtengo wa mango, kumene Goliati adawerama pafupi ndi mlendo uja akufotokoza ndi manja za chigoli choyamba.

"Alamu! Mwana saona! Mfundo saona patali!"

Adanena mokweza, anthu onse ozungulira adamva. Mlendo wa ku Blantyre adadzutsa nsidze, nayang'ana m'kabuku kake. Nkhope ya Goliati idasintha.

"Mwati mwana wanga ndi wakhungu? Pamaso pa alendo?"

"Sindinati wakhungu. Akufunika kuchipatala, amuyeze maso."

"Mfiti iwe!" Goliati adataya ulemu wonse. "Timu takulanda, ndiye wabwera kudzamuipitsira mbiri! Wakhungu angadutse anthu atatu n'kugoletsa?"

"Amaona chapafupi chokha! Kamufunseni nokha, m'malo momumenya ngati bulu!"

Goliati adamugwira pakhosi pa malaya. Mabatani adathothoka. Yoramu adaponya chibakera chimene chidatera pakhutu, ndipo awiriwo adagwera pampando wa mlendo, n'kuuthyola mwendo. Adagubuduzana m'fumbi, anyamata a kabaza akuchemerera ngati masewera ayambiranso. A Maliro ndi amuna ena atatu adavutika kuwalekanitsa. Pamene ankaimirira, mlendo uja adali akulowa m'galimoto yake. Sadatsanzike munthu.

"Mwaona?" Goliati ankapuma mwaphuma, akulozera galimoto. "Mwaona zimene wachita? Usadzapondenso pakhomo panga!"

"Pakhomo pa yani?"

Adali mawu a Zelesi. Adali atafika ndi beseni la tomato pamutu, ndipo dzanja lina adagwira mkono wa Mfundo. Adatula beseni pansi. Sadakweze mawu, koma anthu adakhala chete kuti amve.

"Mwana wandiuza. Mwezi watha ndidamukwapula chifukwa adandidutsa pamsewu osandipatsa moni. Ndinkati wayamba mwano. Kani sadandione. Ine ndalakwa, ndipo ndikuvomera. Koma inu awiri, tsiku lililonse maso anu ali pa mwanayu. Wina akuti ndi wanga ndidabereka, wina akuti ndi wanga ndidalera. Mumayang'ana chiyani?"

"Make Mfundo, usamvere bodza la mchimwene wakoyu," adatero Goliati.

"Ndamvera mwana. Lolemba ndikupita naye kuboma akamuyeze maso. Za mpira musazitchulenso m'nyumba mwanga kufikira atazitchula yekha."

Adasenza beseni lake, natenga mwana wake, anthu n'kuwapatukira.

Lolemba Yoramu adadzuka m'mamawa, navala malaya ake a kutchalitchi. Mlomo udali ukadali wotupa. Usiku wa Loweruka ndi tsiku lonse la Sabata adakhala akukonza mawu oti akanene, ndipo ankawabwereza chamumtima akuyenda kupita kusiteji. Adawapeza ataima pamthunzi wa golosale, Zelesi atafunda chitenje chatsopano, Mfundo atavala yunifolomu ya sukulu.

"Mwadzuka bwanji, achemwali? Ndati ndikuperekezeni. Kuchipatala kumakhala mizere, mwina ndingathandize."

Zelesi adayang'ana mwana wake. Mfundo ankayang'ana pansi.

"Mfundo, mphwanga," adayamba Yoramu. Mawu onse amene adakonza aja adabalalika. "Ndidakulakwira. Ndimayenera kufunsa, koma ndinkangokalipa. Ukapeza magalasi, tidzayambiranso bwinobwino. Alipo osewera ambiri amene..."

"Munanena pagulu," adatero Mfundo, osadzutsa mutu. "Ndinakuuzani inu nokha. Dzulo kutchalitchi ana amandiimikira zala kumaso."

Minibasi idaima, kondakitala akukuwa, "Ntcheu boma! Ntcheu boma!" Yoramu adasuntha kuti atsegule chitseko bwino.

"Amayi," adatero Mfundo, "ngati akukwera awa, ine sindikwera."

Zelesi adapumira m'mwamba. "Mwamva, achimwene. Bambo akenso awuzidwa zomwezo m'mawa uno. Musamukakamize."

Yoramu adachotsa dzanja pachitseko, nabwerera m'mbuyo. Mayi ndi mwana adakwera. Mfundo adakhala pawindo, nkhope yake ili kutsogolo.

Minibasi itachoka, Yoramu adaona Goliati tsidya lina la msewu. Adakhala panjinga yake pansi pa mtengo, injini ili yozima, chipewa chili pamiyendo. Mayi wina wonyamula thumba adamufunsa ngati akunyamula anthu, iye adangopukusa mutu. Naye maso ake adali pa minibasi imene inkakwera chitunda.

Amuna awiriwo adayang'anizana kamphindi. Padalibe amene adapereka moni. Minibasi itazimiririka pakona, Yoramu adatembenuka n'kubwerera kushopu, kumene adapeza munthu akumudikira ndi njinga yoduka tcheni.